Nkhondo ya Otsala Pakhomo: Makolo a Anyamata a Ndege ku Britain

Mabuku a mbiri yakale akamakamba za Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, imene idayamba m'chaka cha 1939 ndi kutha mu 1945, amachulutsa za atsogoleri, zida ndi mizinda imene idagwa. Ife kuno timaikumbukira nkhondoyi chifukwa cha asilikali athu a King's African Rifles amene adakamenya ku Abyssinia ndi ku Burma. Komatu padali nkhondo inanso yopanda mfuti, yomenyedwa m'mitima ya makolo otsala pakhomo. M'chimangirizo chino tiona makolo a ku Britain amene ana awo ankayendetsa ndege zankhondo m'gulu la Royal Air Force, ndi momwe adasenzera nkhawa yawo.

Poyamba tiyenera kumvetsa kuti nkhawayo idali ndi maziko ake. Pa nkhondo ya mlengalenga yoteteza dziko la Britain, kuyambira Julaye mpaka Okutobala 1940, anyamata pafupifupi 3,000 adauluka kukachingamira ndege za Germany ndipo 544 adafa. Zinthu zidanyanya m'nthambi ya ndege zoponya mabomba yotchedwa Bomber Command. Mwa anyamata 125,000 amene adauluka m'nthambiyi, 55,573 adaphedwa, kutanthauza kuti mwa anyamata 100 alionse, 44 sadabwerere kwawo. Ambiri adali a zaka zongopitirira pang'ono 20. Mnyamata ankayenera kukwanitsa maulendo 30 a kudziko la adani asadapatsidwe mpumulo, ndipo makolo ankawerenga maulendowo monga mlimi awerengera masiku a mvula. Chowawitsa mtima china chidali chakuti ntchito youluka sadali kukakamiza munthu. Mwana ankadzipereka yekha, kholo nkungovomereza, poti akuluakulu adati mwana sakulira nakubala.

Kholo silinkadziwa usiku umene mwana wake wauluka, pakuti zimenezo zidali chinsinsi cha nkhondo, ndipo makalata ochokera kumisasa sankaloledwa kuulula. Anthu okhala kuvuma kwa England ankamva mkokomo wa ndege zikunyamuka chamadzulo, namvanso zikubwerera mbandakucha. Kukacha wailesi ya BBC inkalengeza chiwerengero cha ndege zimene sizidabwerere, koma osatchula maina. Pa usiku wa 30 Malichi 1944, paulendo wokaphulitsa mzinda wa Nuremberg, ndege zoposa 90 zidatsala komweko ndipo anyamata oposa 500 adafa. Taganizani tsono za mayi womvera chilengezo chotere ali m'khichini, akudziwa kuti ndege imodzi ya mtundu wa Lancaster inkanyamula anyamata 7, koma osadziwa ngati wake adali m'gulumo.

Uthenga woipa unkabwera pa telegalamu, ndipo ankaubweretsa ndi anyamata a kupositi oyenda pa njinga. Mnyamata wotere akalowa mumsewu, makomo onse ankazizidwa nkhongono kufikira atadutsa. Kawirikawiri telegalamuyo siinkanena kuti mwana wamwalira. Inkangoti wasowa. Mawu amenewa ndiwo adali mtolo wolemera koposa, chifukwa ndege ikagwa usiku kudziko la adani palibe ankadziwa ngati eni ake apsera momwemo, agwera m'nyanja, kapena atsika ndi parachuti nagwidwa. Kholo silikadatha kulira maliro, silikadathanso kusangalala. Ndipo chiyembekezo chidalipodi, pakuti anyamata pafupifupi 10,000 a Bomber Command adapezeka ali moyo m'ndende za adani. Maina a ogwidwa ankadzera ku bungwe la Red Cross ku Geneva, ndipo ankatenga masabata kapena miyezi kuti afike. Makolo ena ankafika potsegula wailesi ya adani, kumene William Joyce ankaulutsa mabodza a boma la Hitler m'Chingerezi, chifukwa mawailesi a Germany nthawi zina ankatchula maina a akaidi. Pakapita miyezi pafupifupi 6 popanda mbiri, boma linkalemba kalata yoti mwanayo tsopano akuyesedwa womwalira.

Nanga makolowa adapirira bwanji? Njira yoyamba idali makalata. Anyamata ambiri ankalemba kalata yotsanzikiratu ndi kuisiya m'katundu wawo kuti idzatumizidwe ngati sabwerera. Yodziwika kwambiri ndi ya Vivian Rosewarne, mnyamata wa zaka 23 amene ndege yake ya mtundu wa Wellington idagwetsedwa kumapeto kwa Meyi 1940, pamene asilikali a Britain ankasamutsidwa ku Dunkirk. M'kalatamo adawapempha mayi ake kuti ayembekeze kwa mwezi umodzi, ndipo mweziwo ukatha avomereze kuti ntchito yake yatsala m'manja mwa anzake. Mkulu wa msasa wake ataiwerenga adapempha chilolezo kwa mayiwo, ndipo nyuzipepala ya The Times idaisindikiza pa 18 Juni 1940 popanda dzina la mlembi. Chaka chisadathe, timabuku 500,000 ta kalatayi tidali titagulidwa. Kudatheka bwanji kuti kalata ya mwana mmodzi ifunidwe chotere? Chifukwa chake nchakuti mwanayo adawaikira mayi ake malire a chiyembekezo, chinthu chimene telegalamu ya boma idalephera kuchita. Makolo ena ambirimbiri adaiwerenga ngati yochokera kwa ana awo.

Njira yachiwiri idali kugawana mtolo. Anyamata a ndege imodzi ankakhala ngati a bere limodzi, ngakhale kuti wina ankachokera ku Scotland, wina ku Canada, wina ku Australia. Ndege ikasowa, makolo awo, amene sadaonanepo nkale lonse, ankayamba kulemberana makalata. Amene wamva kanthu ankauza anzake, ndipo mnyamata wopulumuka akatuluka m'ndende ankayendera kapena kulembera makolo a anzake kuwafotokozera za usiku womaliza. Apa mwambi woti mutu umodzi susenza denga udapherezera. Amayi ena adalowa m'magulu oluka majuzi ndi masokosi a asilikali, ena adathandiza kumanga mitokoma yopita kwa akaidi kudzera ku Red Cross. Ntchito ya manja siidachotse nkhawa, koma idafupikitsa tsiku ndi kumpatsa munthu chifukwa chodzukira mmawa.

Padalinso bambo wina amene nkhawa yake idali yamtundu wina. Hugh Dowding ndiye adali mkulu wa ndege zonse zoteteza Britain mu 1940, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Derek, ankayendetsa ndege ya mtundu wa Spitfire pansi pa ulamuliro wake. Lamulo lililonse lotumiza anyamata kunkhondo likadatha kukhudza mwana wake yemwe, koma iye sadamubise kumbuyo. Dowding amakumbukiridwa chifukwa cholimbikira kuti ndege zikhale ndi magalasi osalowa chipolopolo, ndiponso chifukwa chokhazikitsa dongosolo logwiritsa ntchito makina a radar kuti anyamata asamauluke mwachimbulimbuli. Derek adapulumuka. Komabe imfa za ana a eni zidamulemera bamboyu moyo wake wonse, mwakuti atapuma pantchito adalowa m'chikhulupiriro cholankhula ndi mizimu ya akufa, ndipo ankalemberana makalata ndi amayi ofedwa. Anthu ena adamuseka. Koma nkhani yake itionetsa kuti ngakhale munthu wolimba mtima amafunafuna pogwira chisoni chikamuchulukira.

Mwa makolo onse, amene mbiri yake imatchulidwa kwambiri ndi Lady Rachel MacRobert, mayi wobadwira ku America amene ankakhala ku Douneside, m'chigawo cha Aberdeenshire ku Scotland. Amuna awo adamwalira mu 1922 nawasiyira ana aamuna atatu. Woyamba, Alasdair, adafa pangozi ya ndege mu 1938 nkhondo isadayambe. Wachiwiri, Roderic, adaphedwa pa 22 Meyi 1941 akuyendetsa ndege ya mtundu wa Hurricane ku Iraq. Masabata 6 asadathe, pa 30 Juni, mzime Iain adasowa panyanja ya North Sea akufunafuna anzake amene ndege yawo idagwera m'madzi, ndipo thupi lake silidapezeke. Ndithudi mvula ikakuona litsiro siikata.

Mayiwa sadadzitsekere m'nyumba. Adapereka ndalama zokwana £25,000 kuti boma ligulire ndege yoponya mabomba ya mtundu wa Stirling, ndipo idatchedwa MacRobert's Reply, kutanthauza yankho la banja la MacRobert. Mu 1942 adaperekanso £20,000 zogulira ndege zinayi za Hurricane, zitatu mwa izo nkuzitcha maina a ana awo. Pano wophunzira wanzeru ayenera kuima ndi kulingalira. Mabomba sasankha pogwera. Mu Julaye 1943 anthu pafupifupi 40,000 adafa mumzinda wa Hamburg, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba, ndipo ku Germany nakonso kudali makolo odikira ana awo a ndege amene sadabwerere. Chisoni chimene chasanduka kubwezera chimabala chisoni china kutsidya. Nchifukwa chake ntchito ina ya mayiwa ndiyo ioneka yokhalitsa. Mu 1943 adapereka nyumba yaikulu yotchedwa Alastrean House kuti anyamata a ndege azikapumulako, nakhazikitsanso thumba lachifundo la MacRobert Trust limene likuthandizabe anthu mpaka lero. Atasowa ana awo, adasamala ana a anzawo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nkhondo itatha mu 1945, makolo ambiri adali akadali mumdima. Anyamata a ndege pafupifupi 42,000 adali osadziwika kumene adathera. Boma lidatuma gulu lapadera lotchedwa Missing Research and Enquiry Service, limene lidayendayenda m'midzi, m'nkhalango ndi m'manda a ku Ulaya ndi kwina, kufunsa mboni, kufukula zibenthu za ndege ndi kuyerekeza manambala ake. Patapita zaka zingapo, oposa theka la osowawo adadziwika kumene adagona. Ntchitoyi siidadzutse wakufa, koma idapatsa makolo manda oti aloze. Kwa otsalawo, Mfumukazi Elizabeth II idatsegula chipilala cha chikumbutso ku Runnymede mu Okutobala 1953, pamene padalembedwa maina oposa 20,000 a anthu a ndege opanda manda odziwika. Dzina la Iain MacRobert lili pomwepo.

Pomaliza, mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti nkhawa ya kholo ilibe mankhwala oichotseratu, chifukwa muzu wake ndi chikondi. Makolo amene tawaonawa adapirira chifukwa cha zinthu zitatu: kudziwa zoona ngakhale zowawa, kukhala ndi anzawo osenza nawo, ndi kupeza ntchito yothandiza ena. Amene adazunzika koposa ndi aja adasiyidwa m'chikayiko. Motero boma lililonse lotumiza ana a anthu kunkhondo lili ndi ngongole kwa makolo awo, ndiyo kuwauza zoona msanga ndi kufunafuna wosowa mpaka apezeke. Ndipo wachinyamata amene mtima wake ukulakalaka ntchito yoopsa ngati imeneyi akumbukire kuti sapita yekha. Kalata yaifupi yonena kuti ali bwino imagonetsa tulo anthu awiri amene adamulera.