Kodi Chilatini chinafika bwanji kwathu kuno?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 1 kuno kwa Msakambewa. Mwana wa achimwene anga akuphunzira Chilatini kusekondale, koma bambo ake akuti n'kutaya nthawi poti palibe mtundu umene umachilankhula. Kodi chinenero chimenechi chinachokera kuti, nanga chinafika bwanji m'Malawi?

YANKHO: Aphunzitsi, yambani mwayang'ana pabolodi panupo. A, e, i, o, u amene ana anu amakuwa m'mawa uliwonse ndi zilembo za Chilatini, ndipo ife timazitchula pafupifupi mmene Aroma ankazitchulira.

Kwawo kwa chinenerochi ndi ku Latium, dera la ku Italy kumene kuli mzinda wa Roma. Chinafalikira ndi asilikali a Aroma, ndipo ufumu wawo utagwa chinasandulika pang'onopang'ono n'kubala Chitaliyana, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chipwitikizi.

Njira yake yoyamba yofikira kuno inali mtsinje wa Zambezi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, n'kumachita malonda ndi Amaravi. Mawu amayenda ndi katundu. Fodya amene achimwene anu amasoka m'chigafa dzina lake linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti folha, kutanthauza tsamba, ndipo kholo lake ndi folium wa Chilatini. Kapitawo wa paesiteti ndi capitão, kuchokera ku caput, mutu. Kalata ndi carta, vinyo ndi vinho. Ndiye munthu wa ku Dowa amene akuti Chilatini alibe nacho ntchito amachitchula tsiku lililonse, kuyambira kunazale mpaka kuokushoni.

Zilembo zinabwera ndi amishoni. M'boma lanu lomwelo la Dowa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, ndipo Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894. M'masukulu awo a kumidzi ana ankayamba ndi maphatikizo, ba be bi bo bu, mpaka kufika powerenga okha Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922. Akatolika anabweretsa chinenero chenichenicho m'mapemphero awo. Misa inkachitika m'Chilatini mpaka msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utaloleza zinenero za anthu, ndipo anyamata ofuna unsembe ankachiphunzira kuseminale, monga ku Kachebere ku Mchinji. Agogo ambiri a ku Nambuma ndi ku Mpherere anakula akumva wansembe akupemphera motero.

Kenaka kunabwera Kamuzu Academy, imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981. Iye ankakhulupirira kuti munthu sangatchedwe wophunzira kwenikweni asanadziwe Chilatini ndi Chigiriki, choncho mwana aliyense pasukulupo ankayenera kuziphunzira.

Pamenepo ine sindigwirizana naye kwathunthu, pakuti nzeru sizikhala m'chinenero chimodzi. Koma phindu lilipo, ndipo achimwene anu alimve. Mwana wa Chilatini amaphunzitsidwa kusenda mawu ngati nzimbe, kuchotsa makoko mpaka apeze tsinde. Akadziwa kuti octo ndi 8 ndipo decem ndi 10, amadabwa kuti bwanji Okutobala ndi mwezi wa 10, Disembala wa 12. Akafunsa amamva kuti chaka cha Aroma akale chinkayamba mu Malichi. Akadziwa kuti docere ndi kuphunzitsa, amazindikira kuti dokotala poyamba anali mphunzitsi ngati inu. Mawu ambiri ovuta a Chingerezi, a zamalamulo ndi a zachipatala omwe, amamasuka chonchi, ndipo mwana wotere sachita mantha akakumana ndi mawu achilendo pamayeso.

Chimene chimandipweteka n'chakuti luso limeneli timaliona ngati la ana a kuseminale ndi a ku Mtunthama okha, pamene Chichewa chathu chimasendeka bwino kwambiri. Mawa lembani pabolodi mawu akuti lima, muwafunse ana kuti munthu wolima timamutcha ndani. Adzakuwa okha kuti mlimi. Pitirizani ndi ulimi, kulimira, kulimitsa, kulimidwa, ndipo mwana mmodzimmodzi abwere ndi choko adzadule mzere pansi pa tsinde limene silikusintha. Mkuja mutenge mawu akuti phunzira.