Mbiri ya Hatchi ku Mzimba: Kuchokera pa Kashembe Kufikira pa Maseŵera a M'manja

M'Chicheŵa muli mawu aŵiri otchulira nyama imodzi, ndipo onse aŵiri ndi obwereka. Mawu oti kavalo adachokera kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, amene pachinenero chawo amati cavalo, ndipo ndiwo adaloŵa m'Buku Lopatulika la 1922. Mawu oti hatchi adadzera kumwera, pakuti Azulu amati ihhashi. Nawonso anthu a ku Mzimba amati hachi. Nyama ikakhala ndi maina obwereka okhaokha, ndiye kuti ndi mlendo m'dzikomo. Ku Mzimba, dziko lotchuka ndi ng'ombe, kuli nkhalamba zambiri zimene sizidaonepo hatchi ndi maso. Komabe ena mwa adzukulu awo pa boma la Mzimba, pa Jenda ndi pa Embangweni amaikwera, naithamangitsa ndi kuidumphitsa mipanda pa kagalasi ka foni ya m'manja. Nkhani ya lero ikulongosola chimene chidaletsa hatchi yamoyo kukhazikika ku Mzimba, ndi njira imene hatchi ya m'chithunzi idadzera.

Mahatchi adafika ku Cape ndi Adatchi m'zaka za m'ma 1650. Pamene Zwangendaba adanyamuka ndi anthu ake cha m'ma 1820, Andwandwe atagonja kwa Shaka, nyamazi zinali zisanafale pakati pa mitundu ya kumeneko. Abasotho a Moshoeshoe adayamba kukhala nawo cha m'ma 1830, ndipo popeza dziko lawo ndi la mapiri ataliatali ozizira, mahatchiwo adaswana, mtundu wonse nusanduka wa okwera pahatchi. Nthaŵi imeneyo Angoni anali atapita kale kumpoto. Adawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kudachitika kadamsana wa dzuŵa. Zwangendaba adamwalira ku Mapupo, m'dziko la Afipa, cha m'ma 1848, ndipo m'zaka za m'ma 1850 mwana wake M'mbelwa adatsogolera gulu limene lidadzakhazikika ku Mzimba. Ulendo wonsewo adauyenda pansi. Mphamvu zawo pankhondo zidagona pa liŵiro la miyendo, pa chishango cha chikopa cha ng'ombe ndi pa nthungo yaifupi; ulemerero wa munthu unkaoneka m'khola.

Ngakhale akadafuna kuŵeta mahatchi, adani aŵiri ang'onoang'ono akadaŵaletsa. Woyamba ndi kashembe. Ntchentche imeneyi poyamwa magazi a nyama zakutchire imatenga tizilombo timene sitidwalitsa nyamazo, koma tikaloŵa m'thupi la hatchi timaiwondetsa, kuitupitsa miyendo ndi kuipha. Amene adatulukira zimenezi ndi dotolo wa asilikali David Bruce, mu 1894 ndi 1895, ku Ubombo m'dziko la Azulu, chigawo chomwecho chimene Angoni adachokera. Bruce yemweyo adadzatsogolera gulu lofufuza matenda a kaodzera ku Nyasaland nkhondo ya 1914 isanayambe. Mdani wachiŵiri ndi nthenda ya mahatchi ya mu Africa, imene imafalitsidwa ndi touluka tochepa kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi usiku makamaka m'nyengo ya dzinja. Nthendayi imadzaza madzi m'mapapo, ndipo ikagwira mahatchi 10 osatemera, ofika 9 angathe kufa. Mu 1854 ndi 1855 idapha mahatchi pafupifupi 70,000 ku Cape kokha. Mbidzi zimakhala ndi kachilomboko osadwala, ndipo abulu nawo kaŵirikaŵiri amapirira.

Zitunda za Mzimba zinali zabwino kwa ng'ombe chifukwa kashembe adali wosoŵa kumeneko. Koma hatchi kuti ifikeko inayenera kudutsa m'zigwa zotentha za Zambezi ndi Shire, m'mphepete mwa nyanja, kapena m'chigwa cha Luangwa. Ndipo kufupi ndi Mzimba komwe, nkhalango za Kasungu ndi dambo la Vwaza zinali ndi kashembe wake. Kotero amishoni a Livingstonia, monga William Koyi amene adakhazikika pa Njuyu mu 1882, Walter Elmslie amene adamtsatira mu 1885, ndi Donald Fraser amene adatsegula Loudon pa Embangweni mu 1902, adaloŵa m'dziko limene ulendo unali wa miyendo. Ndi mmenenso adalipezera akuluakulu a boma la Britain, Angoni atavomera ulamuliro wake pamsonkhano ndi Alfred Sharpe mu 1904. Katundu amene m'mayiko ena ankakokedwa ndi hatchi, kuno ankasenzedwa pamutu. Ndipo mzungu amene kwawo akadakwera pachishalo, kuno ankagona m'machila, amuna akusinthana mapewa.

Kuŵaŵa kwake kudaoneka poyera pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1916 asilikali okwera pamahatchi ochokera ku South Africa, otsogozedwa ndi van Deventer, adaloŵa m'dziko la Ajeremani limene lero ndi Tanzania, koma patangopita miyezi yoŵerengeka mahatchi awo ambiri anali atafa ndi matenda. Asilikali a Northey, amene adanyamukira ku Karonga chaka chomwecho, adadalira mitu ya anthu kuti chakudya ndi zipolopolo zifike kunkhondo. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland adagwira ntchito ya tengatenga, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa. Mu 1915 Inkosi Chimtunga, mwana wa M'mbelwa, idaletsa anthu ake kulembedwa ntchito imeneyi. Boma lidaichotsa pampando ndi kuipirikitsira ku Chiromo, kumunsi kwa Shire. Mpando waukulu wa Angoni a ku Mzimba udadzadzuka mu 1928, pamene mwana wa Chimtunga adalongedwa ufumu ndi dzina la M'mbelwa II. Kantchentche kamene kadatsekereza hatchi ndiko kadaika mtolo pamutu pa munthu, ndipo mtolowo udagwetsa mfumu.

Nkhondo itatha, malo a hatchi adatengedwa ndi njinga yakapalasa, ngolo ya ng'ombe, bulu ndi galimoto. Amuna a ku Mzimba amene ankapita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku Joni ndiwo ankabwerako ndi nkhani za apolisi okwera pamahatchi, za mijaha ya pa Turffontein mu Johannesburg, ndi za mpikisano wa Durban July umene udayamba mu 1897. Mahatchi ochepa amene aŵetedwapo m'Malaŵi, monga pa phiri la Zomba, pa Nyika ndi pa Kande m'boma la Nkhata Bay, ntchito yawo yaikulu yakhala kunyamula alendo odzaona dziko. Ana a kumudzi ankaseŵera zimene ankaona: kuumba ng'ombe zadothi kudambo, kupanga magalimoto amawaya, ndi kudumphira pamsana pa bulu pobwera kobusa.

Hatchi ya m'chithunzi idachokera kutali, ku Japan. Kampani ya Nintendo idayamba mumzinda wa Kyoto mu 1889, chaka chimene mishoni ya Ekwendeni idatsegulidwa, ndipo poyamba inkapanga makadi oseŵerera. Mu 1980 idatulutsa timakina ta m'thumba totchedwa Game & Watch, ndipo mu 1989 idatulutsa Game Boy, imene munthu ankatha kusintha seŵero mwa kuloŵetsamo kakaseti kena. Ajapani ndi anthu okonda mijaha ya mahatchi. Mu 1991 kudatuluka seŵero la Derby Stallion, limene woseŵera amakhala mwini khola, nasankha mkota ndi mphongo zoti ziswane, naphunzitsa mwana wake kufikira atapambana mjaha. Lidayambira pa makina olumikiza ku wailesi yakanema, kenaka lidafika pa timakina ta m'manja.

Kusintha kwakukulu kudadza mu 2004 ndi Nintendo DS, imene idagulidwa yoposa 150 miliyoni pa dziko lonse. Kamakinaka kanali ndi timagalasi tiŵiri, ndipo kam'munsi kankamva kukhudza kwa kacholembera. Opanga maseŵera adaona kuti tsopano mwana angathe kusisita nyama ndi dzanja lake. Seŵero la agalu la Nintendogs litachita bwino mu 2005, padatsatira maseŵera ambiri a mahatchi, monga Pony Friends mu 2007, ndi My Horse & Me, limene lidatuluka ndi chilolezo cha FEI, bungwe loyang'anira mipikisano ya okwera pamahatchi pa dziko lonse. Mu 2011 seŵero la The Legend of Zelda: Ocarina of Time, lokhala ndi hatchi yotchuka dzina lake Epona, lidafika pa Nintendo 3DS; ndipo mu 2013 a Game Freak, amene amapanga Pokémon, adatulutsa Pocket Card Jockey, mmene hatchi imathamanga molingana ndi luso la woseŵera posanja makadi.

Maseŵera ambiri otere amagaŵika paŵiri. Mbali ina ndi ya m'khola: kudyetsa hatchi, kuimwetsa, kuipesa ubweya, kuchotsa miyala m'ziboda ndi kuimanga chishalo. Mbali ina ndi ya pabwalo: kuiyendetsa, kuindondotsa, kuithamangitsa, ndi kudina batani pa kamphindi koyenera kuti idumphe mpanda osagwetsa mtanda. Makina amasunga chiŵerengero cha mphamvu za hatchi ndi cha kuzoloŵerana kwake ndi mbuyake. Yothamangitsidwa msanga imalefuka isanafike kumapeto, ndipo yosasamalidwa imachita liuma.

Timakina ta Nintendo sitidafale m'midzi ya Malaŵi chifukwa cha mtengo wake. Kamakina koseŵerera ka anthu ambiri kadakhala foni. Mafoni a m'manja adayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, ndipo seŵero la njoka la Snake, limene Nokia idaika m'mafoni ake kuyambira 1997, ndilo lidazoloŵeretsa zala za anthu ambiri. M'zaka za m'ma 2010 kudafala mafoni agalasi lalikulu lokhudza ndi chala, ena ogulidwa pa boma, ena otumizidwa ndi achibale a ku Joni. Msewu umene kale unkabweretsa nkhani za mijaha ndi womwewo udabweretsa hatchi yeniyeniyo, yotsekeredwa m'kagalasi, kumene kashembe sangaifikire.

Maseŵeraŵa ali ndi phunziro lake, pakuti amaonetsa kuti chiŵeto chimagwira ntchito molingana ndi mmene achisamalira. Koma adapangidwira ana a ku Japan, ku Ulaya ndi ku America, ndipo hatchi yake imakhala m'dziko lopanda kashembe, lopanda nkhupakupa, lopanda chilala. Mwana wa ku Mzimba amene angaidziŵe hatchi kudzera m'menemo mokha sadzamva chifukwa chake agogo a agogo ake adasenza mitolo kunkhondo, kapena chifukwa chake Chimtunga adapita ku Chiromo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nyama zimene zimakoka ngolo ya chimanga ndi fodya kumka pa Jenda, ndi kunyamula wodwala kumka kuchipatala cha Embangweni, ndi ng'ombe ndi bulu. Zimenezi ndizo zimafuna madzi pa nthaŵi yake, dibi, goli losatupula khosi ndi mpumulo dzuŵa likakwera. Ndipo luso limene mwana waphunzira pa kagalasi lidzakhala laphindu ngati alifikitsa kukhola la kwawo.