Motoka ya ku Japan pa Mseu wa ku Sasare

Palibe fakitale pa dziko lapansi imene inapangapo motoka ikuganiza za mseu wochoka pa Petauke kupita ku Sasare. Amene anajambula Corolla, Vitz kapena Allion anali kuganiza za phula losalala la ku Nagoya, osati fumbi la mu Okutobala kapena matope a mu Febuluwale. N'chifukwa chake motoka iliyonse imene yakhalitsa kuno inasinthidwapo kanthu. Ife achinyamata tikagula motoka yoyamba n'kuyamba kuisintha, timaona ngati tayambitsa ndife. Koma mwambowu ndi wakale kuposa ife, ndipo kuudziwa kungatipulumutsire ndalama, mwinanso moyo.

Sasare ndi dzina lakale m'mbiri ya migodi ya dziko lino. Golide anayamba kukumbidwa kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, migodi ikuluikulu ya ku Copperbelt isanatsegulidwe. Nthawi imeneyo dera lathu linali m'dziko lotchedwa North-Eastern Rhodesia, likulu lake ku Fort Jameson, komwe lero timati Chipata, mpaka mu 1911 pamene analiphatikiza ndi la kumadzulo. Katundu wambiri sanali kuchokera ku Lusaka. Anali kudzera ku Nyasaland ndi ku Tete, ndipo anali kubwera pamutu. Kuchigwa cha Luangwa kashembe anali kupha ng'ombe zokoka ngolo, choncho lole yoyamba ya kuno inali khosi la agogo athu, amtengatenga.

Zinthu zinasintha pamene analambula Great East Road. Mu 1932 mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa ndi ndalama za Beit Trust, ndipo malole anayamba kudutsa Nyimba ndi Petauke. Koma motoka inabwera ngati chinthu cha mwini. Inali ya bwana DC, ya abambo a ku mishoni, ya mwenye wa sitolo. Munthu wakuda anali kuyendetsa, kutsuka, kukankha ikatitimira, ndi kupatsira masipanala. Kwa zaka zambiri malamulo a atsamunda sanali kumulola kuphunzira umisiri mofanana ndi mzungu. Choncho amakanika athu oyamba sanaphunzire m'kalasi. Anaphunzira atagona chagada pansi pa lole, maso pa manja a wina, khutu pa injini. Mnyamata wonyamula masipanala akadekha zaka zingapo anali kusanduka dalaivala, kenako makanika. Sukulu imeneyi sinatsekedwepo. Mpaka lero pa Petauke ndi pa Nyimba, pansi pa mtengo wa mango, mupeza mnyamata akutsuka mabawuti m'petulo, akudikira tsiku limene adzamulola kugwira injini.

Ufulu utabwera mu 1964, vuto linabwera pambuyo pake. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia, njira ya mafuta ya kumwera inatsekeka, ndipo petulo anayamba kugawidwa mopimira. Mafuta anali kubwera m'migolo kuchokera ku Dar es Salaam pa mseu woipa umene madalaivala anautcha Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA inatsegulidwa mu 1968. Chaka chomwecho mlatho umene timawolokera lero pa Luangwa unatha kumangidwa. Boma la a Kaunda linafuna kuti dziko lizidzipangira zinthu. Ku Livingstone kunatsegulidwa fakitale yolumikiza ma Fiat, kenako ma Peugeot 504. Ku Ndola anali kulumikiza ma Land Rover. Kuno kum'mawa tinapatsidwa njinga: Luangwa Industries ya ku Chipata inali kupanga njinga za Eagle, ndipo kwa mabanja ambiri a ku Petauke, "motoka yoyamba" inali imeneyo. Nayonso sinasiyidwe mmene inabwerera. Anaiwotcherera kaliyala wolimba kuti inyamule thumba la chimanga, mbuzi, kapena mayi wodwala wopita ku chipatala cha Minga.

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa kopa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeya anasowa nazo limodzi. Apa ndi pamene luso la kusintha motoka linakhwima. Mabushi a rabara akatha, makanika anali kusema ena kuchokera ku tayala lakale. Gasiketi anali kuidula pa katoni yolimba. Thanki ya petulo ikabooka pa ulendo, sopo anali kumata mpaka kufika pa boma. Mamotoka awiri akufa anali kubala imodzi yamoyo. Vani yonyamula thonje kapena nsawawa anali kuiwonjezera masipuling'i kumbuyo kuti isagwade. Palibe amene anali kusintha motoka kuti anthu amuone. Anali kusintha kuti afike. Ena onse tinali anthu a basi ya UBZ, yomwe inali kudikiridwa pa siteshoni nthawi zina tsiku lathunthu.

Ife amene tinabadwa chakumapeto kwa ulamuliro wa a Kaunda kapena kumayambiriro kwa a Chiluba tinakula m'dziko lina. Pambuyo pa 1991 malonda anamasulidwa. UBZ inatha mu 1995, maminibasi a Hiace anadzaza m'misewu, ndipo monga mmene salaula anasinthira zovala zathu, salaula wa mamotoka anasintha maulendo athu. Chifukwa chake chili ku Japan komweko. Kumeneko motoka yatsopano imapimidwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, pa ndondomeko yotchedwa shaken. Kupimitsako ndi kodula, moti ambiri amaona kuti ndi bwino kugulitsa motoka ikadali yolimba. Komanso a ku Japan amayendetsa kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Intaneti itafika, makampani ngati BE FORWARD ndi SBT anaika mamotokawo pa foni. Lero mphunzitsi wa ku Nyimba angasankhe motoka ali pa khonde, n'kukaitenga ku Nakonde itatsika pa doko la Dar es Salaam. Zina zimadzera ku Durban kapena ku Walvis Bay. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dera lino, munthu wa zaka 27 wolandira malipiro wamba angathe kukhala ndi motoka yakeyake.

Koma motokayo imafika ikadali ya ku Japan. Ife a pa wailesi timadziwa chizindikiro choyamba, chifukwa omvera amatidandaulira kuti sitimveka m'motoka yawo. Wailesi ya m'mamotoka ambiri a ku Japan imagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene masiteshoni a kuno ali pakati pa 87.5 ndi 108. Choncho kusintha koyamba kumene ambiri amachita ndi kuika kachipangizo kotambasula mafunde, kapena kuchotseratu wailesiyo. Imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Yaikulu ili pansi. Mamotoka ena amabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, a rabara wofewa, amene sanapangidwire phula lotentha la ku Luangwa Bridge. Amaoneka atsopano chifukwa mizere yake ndi yozama, koma amatha msanga ndipo sagwira bwino mabuleki kukatentha. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Woyamba kumene aphunzire kuwerenga manambala amenewa asanaphunzire mitengo ya marimu.

Palinso giyabokosi. Mamotoka ambiri aang'ono a masiku ano, monga Vitz ndi Honda Fit, ali ndi mtundu wotchedwa CVT, umene umafuna oilo wakewake. Kuthiramo oilo wa otomatiki wamba kungaiphe pang'onopang'ono, ndipo mtengo wa giyabokosi ina umatha kufanana ndi malipiro a miyezi ingapo. Agogo athu anali kuchiza Land Rover ndi waya ndi pulayala chifukwa inali makina osavuta. Motoka ya lero ili ndi kompyuta ndi masensa. Mtima wa agogo tiutengere, koma si njira zawo zonse zimene zikugwirabe nchito. Chitsanzo ndi chizolowezi chochotsa thermostat poti kuno n'kotentha. Injini ya masiku ano inapangidwa kuti izigwira nchito pa kutentha kwakekwake. Ikamazizira kwambiri imamwa mafuta ochuluka ndipo imadyeka msanga. Ngati motoka ikuwira, vuto limakhala pa radiyeta yotsekeka, fani yakufa kapena madzi otayika, ndipo kuchotsa thermostat ndi kubisa matenda chabe.

Tsopano tili ndi misewu iwiri, ndipo ndi imene yagawa achinyamata pawiri. Great East Road, kuchokera pa Luangwa Bridge mpaka ku Mwami, inamangidwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la European Union ndi mabanki a chitukuko. Ndi yosalala, imakopa phazi. Koma ukangokhota pa Petauke kulowera kumpoto, ku Ukwimi ndi ku Sasare, wabwerera ku mseu wa agogo. Amene mtima wake uli ku Lusaka amatsitsa motoka: amadula masipuling'i, amaika marimu aakulu ndi matayala opyapyala, amadetsa magalasi, amadzaza buti ndi masipika. Sitikunyoza. Motoka yoyamba ndi chimwemwe, ndipo palibe amene amadana ndi chokongola. Koma tayala lopyapyala lilibe mphepo yokwanira yoteteza rimu pa mwala. Sipuling'i yodulidwa imathetsa mashoko. Ndipo pansi pa injini pali sampu, mbale yosunga oilo. Ikagunda mwala n'kung'ambika, oilo amatha m'mphindi zochepa, ndipo ukapitiriza kuyenda injini imauma. Motoka imene unasonkhera zaka zitatu imathera pa mtunda wosakwana kufika kumudzi.

Amene mtima wake uli kumudzi amachita zosiyana: amakweza motoka ndi masipesa, amaika chitsulo choteteza sampu, amasankha tayala la mnofu wokhuthala. Ameneyu ali pafupi ndi nzeru za makolo, koma nayenso ali ndi malire. Kukweza mopitirira kumapinda ma CV joint mpaka amayamba kulira pokhota, ndipo motoka yokwera kwambiri imapendama msanga pa kona. Masipesa sasandutsa Corolla kukhala Land Cruiser. Komanso masipuling'i olimba amanamiza. Motoka siigwada ngakhale mutalowa anthu asanu ndi atatu ndi matumba a nsawawa, koma mabuleki ake akadali a anthu asanu. Aliyense amene anatsikapo mapiri a pakati pa Kacholola ndi Luangwa akudziwa fungo la mabuleki opsa. Potsika pamenepo giya yotsika ndiyo imagwira motoka, ngakhale ya otomatiki, osati kupondereza buleki njira yonse.

Boma nalo lili ndi mawu ake. RTSA inakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, ndipo zimene zalembedwa mu white book ziyenera kufanana ndi motoka imene ili pamseu. Ukasintha injini kapena mtundu wa penti, uyenera kukalembetsa. Ukagula motoka kwa munthu, dzina lisinthidwe, nambala ya chasisi ifanane ndi ya pa pepala. Inshuwalansi, msonkho wa pamseu ndi fitinesi si zokongoletsa galasi. Tsiku la ngozi ndi pamene munthu amazindikira kuti pepala lija linali lofunika kuposa masipika.

Nanga woyamba kumene ayambire pati? Mbiri yonseyi ikuloza kumodzi: yamba ndi kudziwa, kusintha kubwere pambuyo. Phunzira kuona oilo ndi madzi m'mawa injini isanatenthe. Dziwa pamene pali jeke ndi mmene amamasulira tayala, usanakumane ndi panchala usiku kulibe netiweki. Fyuluta ya mphepo kuno imadzala fumbi msanga kuposa mmene buku la ku Japan limanenera, choncho uziitsegula wekha n'kuiona. Funsa ngati injini yako ili ndi lamba wa timing kapena tcheni, chifukwa lamba amafuna kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo pa injini zina akaduka amawononga mavavu. Ndalama zoyamba zipite ku mabuleki, matayala, mashoko ndi magetsi. Zikatsala, marimu sathawa.

Aphunzitsi tili nawo ambiri kuposa m'badwo uliwonse. Pali YouTube, pali kamakina ka OBD kamene kamawerenga zolakwika za injini pa foni, pali masukulu a nchito zamanja monga Chipata Trades. Koma wa pa YouTube sanayendepo pa mseu wa ku Sasare mvula itagwa, ndipo kamakina kamangotchula nambala, sikauza chimene chayambitsa. Makanika wa pansi pa mango amadziwa mseu, koma nthawi zina sadziwa sensa. Tiwafunse onse awiri, ndipo motoka ikamakonzedwa tisapite kukamwa tiyi. Tiime pomwepo, tione, tigwire sipanala. Safunsa anadya phula.

Golide wayambanso kukoka anthu kumpoto kwa Petauke, ndipo mamotoka ndi njinga zamoto zikuchuluka pa mseu umene kale unali wa amtengatenga. Ambiri mwa oyendetsawo ndi anzathu, ndipo kwa ambiri imeneyo ndi motoka yoyamba m'banja lawo lonse. Ndi yomwe idzanyamule mayi wa pakati usiku, feteleza mu Novembala, ndi maliro akagwa. Tikamaisintha, tiziganiza za maulendo amenewo.