Kukuta zitsulo zodulira ndi zobowolera

Kukuta chitsulo ndi luso loika khungu lopyapyala pamwamba pa chipangizo kuti chisabunthe msanga kapena kugwira dzimbiri. Chitsulo chimatha kuyambira kunja, choncho ukali wa mpeni kapena chobowolera umadalira kwambiri khungulo.

Ku Domasi, kumene mpingo wa Church of Scotland udatsegula mishoni mu 1884 motsogoleredwa ndi Alexander Hetherwick, lusoli limaoneka poyamba padenga. Malata amakutidwa ndi zinki, ndipo njira yakale ndi yowaviika mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450. Stanislas Sorel wa ku France ndiye adailembetsa mu 1837. Zinkiyo amadyeka m'malo mwa chitsulo, n'chifukwa chake lata limapirira mvula yotsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa kwa zaka zambiri.

Khungu la zida zodulira ndi la mtundu wina. Kampani ya Sandvik ya ku Sweden idayamba kugulitsa timano todulira tokutidwa ndi titanium carbide mu 1969. Pambuyo pake padabwera titanium nitride, yemwe amapatsa zobowolera mtundu wa golide uja, ngakhale mulibe golide. Khunguli limakhuthala mamaikiromita awiri mpaka asanu okha, pomwe tsitsi la munthu limafika pa 70. Komabe n'lolimba pafupifupi katatu kuposa chitsulo cha HSS chimene chili mkati, ndipo limaterera, motero zinyenyeswazi sizimamatira. Amalipaka m'chipinda chopopedwa mpweya wonse, pa kutentha kosapitirira madigiri 500 kuti chitsulocho chisafewe.

Wowotcherera wa mumsewu wa Zomba-Liwonde ayenera kudziwa malire ake. Akanola chobowolera pamwala wa giraindala, khungu la kunsonga limachoka, limangotsala m'mizere ya m'mbali. Ndipo khungu silikonza chitsulo choipa: chobowolera chotchipa cha chitsulo chofewa chimabuntha ndithu, kaya chinyezimire bwanji. Nsonga ikasanduka ya buluu, yatentha kwambiri ndipo mwina yataya kulimba kwake. Kuchepetsa liwiro ndi kudonthezera mafuta pobowola kumasunga chida kuposa mtundu wake.

M'zigayo amagwiritsa ntchito njira yosiyana. Mahamala opuntha chimanga amadyeka m'makona, ndipo tizitsulo totha timakathera mu ufa. Amisiri amawotchererapo ndodo zapadera zokhala ndi chromium, zomwe zimasiya khungu lokhuthala mamilimita angapo. Pamafunika sikelo, chifukwa hamala imodzi ikalemera kuposa inzake ya mbali inayo, chigayo chimanjenjemera ndipo mabeyaringi amawonongeka msanga.