Tsiku Limene Kamera Inagwedera ku Chigwirizano

Filimu ya District 9 ndinaionera koyamba m'vidiyo sho ina ya ku Chigwirizano ndili ku sekondale. Nyumba zake mukuzidziwa: mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja yoitanira anthu. Pasanathe mphindi khumi phokoso linabuka. Chithunzi chinkagwedera ngati wojambulayo wakwera kabaza pamsewu wa zigwembe. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Achimwene, chimbale chanuchi n'chofoira, tibwezereni ndalama zathu!" Mwini vidiyo analumbira kuti chimbale chili bwinobwino. Bambo wina anatuluka, akuti akumva chizungulire.

Nditafotokoza nkhaniyi ku koleji, mnzanga wina anaseka n'kunena kuti anthu a m'makomboni sadziwa kuonera filimu. Ndinakhumudwa, koma yankho ndinalibe. Ndinadzalipeza pambuyo pake powerenga mbiri ya kanema m'nthawi ya atsamunda. Maganizo a mnzangayo si atsopano, ndipo eni ake enieni si ife.

Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment inkapanga mafilimu ophunzitsa n'kuwayendetsa pa lole m'mayiko a kuno, kuphatikizapo Nyasaland. Mu 1939 boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit, ndipo mtsogoleri wake anali William Sellers, yemwe kale ankagwira ntchito za umoyo ku Nigeria. Sellers ankaphunzitsa kuti munthu wakuda wosapita ku sukulu amasokonezeka chithunzi chikamasintha msanga kapena kamera ikamayenda. Choncho filimu ya Mwafirika inayenera kukhala yapang'onopang'ono, kamera itaima chilili, nkhani yake yosavuta ngati ya ana. Mu 1948 kunabwera Central African Film Unit ya ku Salisbury, yomwe inkapangira mafilimu anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja.

Koma oonerawo sanali monga ankawaganizira. Hortense Powdermaker, yemwe anachita kafukufuku ku Luanshya m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti anthu a m'migodi ankakonda kwambiri mafilimu a makaubowi, othamanga ndi a ndewu. Ankakuwa, kuchemerera ndi kutsutsana ndi zomwe akuona. Amene ankanenedwa kuti satha kutsatira chithunzi chothamanga ndiwo ankachifuna.

Kuno kwathu, lamulo la 1968 loona za mafilimu ndi mabuku linapatsa boma mphamvu yosankha zomwe tingaonere, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999 mokha. Ambiri a ife sukulu yathu ya kanema inali vidiyo sho. M'menemo tinaphunzira kwa Bruce Lee, Rambo ndi Jackie Chan kuti ndewu yabwino ndi imene ukuona chibakera pochokera ndi pofikira pake.

Nanga chizungulire cha bambo uja? Mu Januwale 2008, filimu ya Cloverfield itatuluka ku America, nyumba zina za kanema zinapachika machenjezo chifukwa oonera ena ankamva nseru. Chifukwa chake n'chodziwika: maso amauza ubongo kuti ukuyenda, pamene m'kati mwa khutu, momwe mumathandiza thupi kusapendekeka, mukunena kuti wangokhala. Ziwirizi zikasemphana, mutu umazungulira. Palibe amene ananena kuti Amereka sadziwa kuonera filimu. Anangoti kamera yanyanya.

Neill Blomkamp anagwedeza kamera mwadala mu District 9, yomwe inatuluka mu 2009. Ankafuna kuti nkhani ya zolengedwa zochokera m'mlengalenga, zotsekeredwa m'zisakasa za ku Johannesburg, ioneke ngati nkhani za pa TV. Dzina lake likukumbutsa District Six ya ku Cape Town, komwe boma la tsankho linasamutsa anthu oposa 60,000 litalengeza mu 1966 kuti dera limenelo ndi la azungu okha.

Ndipo anthu a ku Chigwirizano anaimvetsa. Zolengedwa zija zitayamba kuthamangitsidwa m'nyumba zawo, m'chipindamo munangoti zii. Mnyamata wina anati ndi zomwe zinachitikira amalume ake ku Joni. Ankanena za ziwawa za mu Meyi 2008, pomwe anthu 62 anaphedwa ku South Africa ndipo Amalawi ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi, ena chimanjamanja. Palibe amene anam'phunzitsa kulumikiza ziwirizi.

Kenaka mkulu wa zigawenga, amene filimuyo imati ndi wa ku Nigeria, anatsegula pakamwa n'kulankhula Chichewa. Nyumba yonse inaphulika ndi chiseko. Wosewerayo ndi Mmalawi, Eugene Khumbanyiwa. Boma la Nigeria linakwiya ndi momwe filimuyi inaonetsera anthu ake ndipo mu Seputembala 2009 linalamula kuti isiye kuonetsedwa. Oonera a ku London kapena New York ambiri sakanadziwa kuti "Mnaijeriya" ameneyu akulankhula chiyankhulo cha ku Lilongwe. Ife pa mabenchi athu tinagwira filimuyo ikunama.

Choncho mnzanga uja ndikumuyankha lero. Wopempha ndalama zake uja anaphonya ponena kuti chimbale chafa, koma funso lake linali loyenera: ndalipira kuti ndione, bwanji mukundibisira? Otsutsa mafilimu a ku Ulaya ndi America akhala akufunsa zomwezo kuyambira pa The Bourne Supremacy ya 2004, ndipo amalipidwa polemba zimenezo.

Ife amene tikuphunzira zoulutsa mawu ndi kujambula, tisamalowe m'makomboni ndi maganizo a Sellers m'thumba. Filimu yanu yoyamba mukaimaliza, kaionetseni ku Chigwirizano kapena ku Mgona, mukhale pa benchi ya kumbuyo. Mudzamva msanga pomwe yakoma ndi pomwe mwanamiza anthu.