Sitesheni ya Moatize

Kuno ku Tsangano kulibe njanji. Ku Macanga nakonso kulibe. Munthu wa kwathu akafuna kukwera sitima yopita ku Beira ayenera kutsika mapiri ndi galimoto mpaka ku Moatize. Pamenepo ndi pamene pamathera njanji yocokera ku Beira. Moatize ali pa mtunda wa makilomita ngati 20 kucokera mu mzinda wa Tete.

Kodi n'cifukwa ciani njanji inathera pa Moatize? Bwanji sinalowe mu mzinda wa Tete? Bwanji sinakwere kuno kumapiri, kumene kumacokera cimanga, mbatatesi, tirigu ndi fodya? Yankho lake lili pansi pa nthaka. Ku Moatize kuli malasha.

Njanji isanabwere

Kale katundu ankayenda pa mitu ya anthu. Makolo athu ankasenza mitolo masiku ambiri kutsikira ku Tete, ndipo azungu ankanyamulidwa pa macila. Kucokera ku Tete katundu ankatsika ndi mtsinje wa Zambezi, m'mabwato ndi m'sitima zazing'ono za pamadzi. M'cilimwe madzi akacepa, sitimazo zinkakanirira pa mcenga.

Malasha ndi katundu wolemera. Sangasenzedwe pamutu, ndipo bwato silinganyamule ambiri. Atsamunda ankadziwa kuti ku Moatize kuli cuma, koma analibe njira yabwino yocitulutsira kupita naco kunyanja.

Mmene njanji inafikira

Njanji inabwera pang'onopang'ono. Mu 1922 inacoka ku Beira n'kufika m'mphepete mwa Zambezi, pa Murraça. Njanji imeneyo anaimangira dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi. Mlatho panalibe, ndiye anthu ndi katundu ankaoloka mtsinje pa bwato.

Mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana, pakati pa Sena ndi Mutarara. Kutalika kwake n'kopitirira makilomita 3 ndi theka. Mlatho utatha, Apwitikizi anayamba kuyala njanji ina yocokera pa Dona Ana, kudzera pa Doa ndi Kambulatsitsi. Njanji imeneyi ndi ya makilomita 254, ndipo inafika ku Moatize mu 1949. Kucokera ku Moatize mpaka ku Beira ndi makilomita ngati 575.

Masiku amenewo nchito za misewu ndi njanji zinkagwiridwa ndi manja. Anthu ankadula mitengo ndi nkhwangwa, kukumba ndi makasu ndi mapiki, ndi kututa dothi m'madengu. Ambiri sankapitako mwa kufuna kwao. Ankagwidwa pa cibalo, kusiya minda ndi ana. Njanji itatha, mabogi abwino anali a atsamunda. Anthu akuda ankakhala pa mabenci a matabwa, mothithikana.

Tikumbukire mfundo iyi: njanji inatsata malasha, sinatsate mlimi. Pamene panathera malasha, njanji inatheranso pomwepo.

Zaka za nkhondo

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Njanji zinakhala m'manja mwa boma, pansi pa bungwe la CFM. Migodi ya Moatize inayamba kuyendetsedwa ndi kampani ya boma ya Carbomoc, mothandizidwa ndi akatswiri ocokera ku East Germany.

Koma nkhondo ya paciweniweni inafika. Sitima zinkaomberedwa, njanji n'kumazulidwa. Pofika 1984 sitima zinali zitaleka kufika ku Moatize. Mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Malasha anangounjikana pa mgodi, wowanyamula palibe, ndipo anchito ambiri anakhala manja lende. Pa njanji panamera udzu, kenaka mitengo. M'malo ena munakwiriridwa mabomba.

Zaka zomwezo ambiri a ife tinathawira ku Malawi, m'maboma a Ncheu ndi Dedza. Midzi inasanduka mabwinja, monganso masitesheni. Cimene cinatseka njanji ndi comweco cimene cinatseka minda yathu.

Sitima ibweranso

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu anabwerera kumudzi msanga, koma njanji inacedwa. Mu 1995 mlatho wa Dona Ana unakonzedwa kuti padutse magalimoto okha. Mu 2004 boma linapatsa makampani awiri a ku India, RITES ndi IRCON, nchito yokonza njanji pamodzi ndi CFM, ndi ngongole yocokera ku Banki ya Dziko Lonse. Nchitoyo inacedwa, ndipo pambuyo pake boma linathetsa panganolo n'kubwezera njanji ku CFM.

Cimene cinadzutsa njanji ndi malasha omwe aja. Kampani ya Vale ya ku Brazil inatsegula mgodi waukulu ku Moatize, ndipo mu Ogasiti 2011 sitima yake yoyamba ya malasha inanyamuka kupita ku Beira. Sitima ya anthu inabwera pambuyo, mu 2012. Ana amene anabadwa njanji itatsekedwa anaiona koyamba ali kale ndi ana ao.

Mu 2017 anatsegulanso njanji ina ya makilomita 912. Imacoka ku Moatize, kulowa m'Malawi, kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde, n'kubwereranso m'dziko lathu kudzera ku Cuamba ndi Nampula mpaka ku Nacala. Nayonso anaimangira malasha. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan.

Walira mvula walira matope. Kuti mgodi ukule, mabanja opitirira 700 anasamutsidwa kupita ku Cateme. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji, kudandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Iwo anaona kuti mau ao amveka pokhapokha sitima ya malasha itaima.

Nchito za sitesheni

Sitesheni ili ndi nchito ziwiri: kunyamula anthu ndi kunyamula katundu. Sitima ya anthu imayendetsedwa ndi CFM. Imaima m'masitesheni a m'njira monga Doa, Mutarara, Sena, Caia, Inhaminga ndi Dondo. Siyenda tsiku lililonse, conco wofuna ulendo ayambe wafunsa tsiku ndi nthawi yake. Safunsa anadya phula.

Pa sitesheni pali zenera logulitsira matikiti. Mtengo wa tikiti umasiyana malinga ndi kutalika kwa ulendo ndi mtundu wa bogi. Katundu wolemera amalipiridwa payekha, ndipo mwini wake alandire cikalata n'kucisunga bwino. Pali mkulu wa sitesheni, oyendetsa sitima, oona matikiti ndi okonza njanji. Kunja kwake amai amagulitsa zakudya kwa apaulendo.

Sitima imayenda nthawi yaitali, koma bogi imodzi imanyamula katundu woposa wa galimoto yaikulu. N'cifukwa cake katundu wambiri wopita kutali amatsika mtengo akayenda pa njanji. Komanso sitima yodzaza siima msanga ngati galimoto. Tisaoloke njanji sitima ikubwera, ndipo tisadyetse ng'ombe m'mbali mwake. Woba zitsulo za njanji akuika miyoyo ya anthu ambiri pa ngozi.

Nanga ife a kumapiri?

Mbatatesi za ku Tsangano zimadyedwa ku Tete ndi ku Beira, koma zimayenda pa galimoto, ndipo phindu lalikulu limatsalira kwa ogula apakati. Mlimi mmodzi sangadzaze bogi ndi matumba ake khumi. Alimi ambiri akaphatikiza zokolola zao m'bungwe, angathe kukambirana mtengo wa mayendedwe, kaya pa msewu kaya pa njanji. Mutu umodzi susenza denga.

Kuti zimenezi zitheke pafunika zinthu zitatu. Coyamba ndi mtendere, pakuti taona kuti nkhondo inaimitsa sitima zaka zopitirira 25. Caciwiri ndi misewu yabwino yotsikira ku Moatize. Cacitatu ndi cimene tikucita m'kalasi muno. Wodziwa kuwerenga amaona yekha tsiku la sitima, mtengo wa tikiti ndi nambala ya pa sikelo. Amathanso kulemba kalata kwa akuluakulu a boma, kufunsa kuti njanji imene inamangidwa ndi manja a anthu akuda ithandize bwanji alimi a lero.

Mafunso okambirana

1. Kodi njanji inafika ku Moatize caka citi, ndipo inatsata ciani?
2. N'ciani cinaimitsa sitima, ndipo sitima ya anthu inayambanso liti?
3. N'cifukwa ciani anthu a ku Cateme anatseka njanji mu 2012?
4. Kodi zokolola za m'mudzi mwanu zimafika bwanji ku msika? Ndani amapindula kwambiri?