Buku limene boma linamanga, mwini wake n'kumusiya

Pa 14 Febuluwale 1961 apolisi achinsinsi a Soviet Union, a KGB, anafika kunyumba ya Vasily Grossman mumzinda wa Moscow. Sanadzere iyeyo ayi, anadzera buku. Anatola mapepala onse a nkhani yake yaitali ya Zhizn i sudba, imene ambiri amaidziwa ndi dzina la Chingerezi lakuti Life and Fate. Anapitanso kwa amene ankamutayipira, n'kulanda ngakhale mapepala a kaboni.

Grossman anali mlembi wodziwika kale. Anabadwa mu 1905 ku Berdichev, m'dziko la Ukraine, m'banja la Chiyuda. Nkhondo yolimbana ndi Ajeremani itabuka mu 1941 anakhala mtolankhani wa nyuzipepala ya asilikali ya Krasnaya Zvezda, ndipo zimene ankalemba ali ku Stalingrad asilikali ankazikonda. Mu 1944 analemba za msasa wopherako anthu wa Treblinka, ndipo nkhaniyo inagwiritsidwa ntchito pa milandu ya ku Nuremberg. Koma nkhondoyo inamusiyira chilonda. Mayi ake anaphedwa ndi Ajeremani mu Sepitembala 1941 pamodzi ndi Ayuda zikwizikwi a ku Berdichev, ndipo iye ankadziimba mlandu kuti sanawasamutse nthawi ikadalipo. M'bukuli muli kalata yotsanzika imene mayi akulembera mwana wake wasayansi, Viktor Shtrum. Amene waiwerenga amadziwa kuti inachokera kuti.

Chimene chinaopsa akuluakulu a chipani sichinali kalatayo. Penapake m'bukuli mkulu wa gulu la Hitler la SS, dzina lake Liss, akucheza ndi mkaidi wachikomyunizimu wokalamba, Mostovskoy, n'kumuuza kuti maboma awo awiriwo ndi pachibale. Kuyerekeza Stalin ndi Hitler, m'dziko limene linataya anthu opitirira 20 miliyoni polimbana ndi Hitler! Grossman atalembera mtsogoleri wa dzikolo Nikita Khrushchev mu 1962 kupempha kuti buku lake limasulidwe, amene anamuitana ndi Mikhail Suslov, woyang'anira mfundo za chipani, ndipo yankho linali lakuti silisindikizidwa. Ine ndimaona kuti apa boma linalimvetsa bwino bukuli kuposa owerenga ambiri amene anadza pambuyo pake. Grossman anamwalira ndi khansa pa 14 Sepitembala 1964, osadziwa ngati aliyense adzaliwerenga.

Komatu anali atasungitsa makope awiri, lina kwa mlakatuli Semyon Lipkin, lina kwa mnzake wakale Vyacheslav Loboda. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 mlembi Vladimir Voinovich anajambula masambawo pa tinthu ta filimu, wasayansi Andrei Sakharov akuthandizapo, n'kutitumiza kunja mobisa. Ngakhale kumeneko bukulo silinalandiridwe ndi manja awiri. Panapita zaka osindikiza mabuku a Chirasha akunja akuzengereza, mpaka kampani ya L'Âge d'Homme ya ku Lausanne, ku Switzerland, inalitulutsa mu 1980. Robert Chandler analimasulira m'Chingerezi mu 1985.

Kwawo linafika mu 1988, m'magazini ya Oktyabr, pa nthawi ya Mikhail Gorbachev. Linafika pa mpikisano, chifukwa mabuku oletsedwa ankatuluka motsatizana ngati ngumbi mvula itagwa. Doctor Zhivago la Boris Pasternak linatuluka chaka chomwecho, The Gulag Archipelago la Aleksandr Solzhenitsyn chaka chotsatira. Anthu anawerenga, anakangana, kenako Soviet Union inagwa ndipo maganizo anapita kwina. Ena okonda mtundu wa Chirasha sanamukhululukire Grossman chifukwa cha buku lake lina, Everything Flows, limene limafunsa mafunso owawa pa mbiri ya ukapolo m'dzikolo ndiponso limasimba za njala ya ku Ukraine.

Kutchuka kwake kwenikweni kunakulira kumaiko a azungu a kumadzulo. Mu 2011 wailesi ya BBC Radio 4 inaulutsa bukuli ngati sewero kwa sabata yathunthu, Kenneth Branagh akusewera ngati Shtrum, ndipo linagulidwa kwambiri ku Britain. Mu 2012 wailesi yakanema ya boma ku Russia inaonetsa filimu yake yotsogozedwa ndi Sergei Ursuliak. Filimuyo inaika mtima pa kulimba mtima kwa asilikali a ku Stalingrad, n'kulambalala zambiri zoyerekeza maboma awiri aja. Mu 2013 bungwe la FSB, lolowa m'malo mwa KGB, linapereka mapepala olandidwa aja kunyumba ya boma yosungirako zolembedwa.

Kumadzulo nakonso kunali kusankha kwake. Kwa zaka zambiri ankati buku loyamba la nkhani yomweyi, For a Just Cause la 1952, n'longosangalatsa Stalin, losayenera kulitayira nthawi, pamene anthu ake ndi omwewo, a banja la Shaposhnikov, ndipo Life and Fate limangopitiriza pamene linalekezera. Mu 2019 Robert ndi Elizabeth Chandler analitulutsa m'Chingerezi ndi dzina limene Grossman ankafuna poyamba, Stalingrad, atabwezeramo ndime zambiri zimene akonzi a ku Moscow anachotsa.